Bulu si ng'ombe: kumanga bulu pa ngolo popanda kumusupula khosi

Tsiku la msika pa Domwe kapena ku Vila Ulongwe, imani pamene anthu amamasulira ngolo, muyang'ane makosi a abulu. Wina mupeza wasupuka, wina ali ndi chilonda choti ntchentche zachitapo msonkhano, wina chipsera chakale chomera ubweya woyera. Mukafunsa mwiniwake akuyankhani kuti bulu ndi wolimba, sazimva. Amazimva ndithu, kungoti salira nazo. Ndipo chomusupulacho n'chimodzi pafupifupi paliponse: goli la ng'ombe.

Kuno ku Angonia, m'dziko la Mozambique, tinazolowera ng'ombe, ndiye munthu akagula abulu amangotenga goli lomwe lija, n'kulisemako pang'ono, basi wamanga. Koma ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lalikulu, imayenda itazolika, goli n'kupeza pokhazikika. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lopyapyala, mutu amauimika, ndipo mphamvu zake zokokera zili pachifuwa ndi m'mapewa, chimodzimodzi kavalo. N'chifukwa chake zomangira bulu zoyenera ndi zija za kavalo, zongochepetsedwa msinkhu.

Mayina a zinthuzi ambiri tinabwereka, ndipo ife a mbali ino ya malire timawazindikira msanga. Kavalo ndi cavalo wa Chipwitikizi, bulu ndi burro, chikoti ndi chicote, ndipo galeta lija timalimva m'tchalitchi ndi carreta. Kavaloyo abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amati hatchi. Mukalowera cha ku Cassacatiza, kufupi ndi Zambia, ngolo mumva akuitcha chikochikale. Chishalo ndi chokhalira cha pamsana. Nyulu ndi mwana wa bulu wamphongo ndi kavalo wamkazi, ndipo sabereka. Kavalo weniweni ambiri a ife timangomuonera pa kanema, chifukwa dera lino silimuyanja: kuli nthenda ya akavalo yofalitsidwa ndi timizaza toluma madzulo, imene imapha akavalo ambiri amene yawagwira pomwe abulu kawirikawiri amapulumuka, ndipo kuzigwa zotentha kuli kashembe.  Eni akavalo amayeza msinkhu wa nyama ndi dzanja, dzanja limodzi kukhala masentimita 10 ndi kanyenyeswa. Kavalo wa mpikisano amafika manja 16, bulu wathu 10 kapena 11. Tiyeni tibwerere kwa wathu wa manja khumiyo.

Yambani ndi mano

Musanasoke lamba aliyense, tsegulani pakamwa pa buluyo. Mano awiri apakati a ubwana amaguluka bulu akamayandikira zaka 3, oyandikana nawo cha pa zaka 4, a m'ngodya cha pa zaka 5. Bulu amene akadali ndi mano onse a ubwana, aja ang'onoang'ono oyera mbee, ndi mwana, mafupa ake sanakhwime. Muyambe kumuphunzitsa ali ndi zaka 3, katundu weniweni adikire zaka 4. Wamkazi amakhala ndi bere pafupifupi miyezi 12, ndipo miyezi itatu yomalizira musamumange pa ngolo.

Chapamutu

Ichi sichivuta. Chingwe chofewa cha thonje kapena lamba, mbali ina izungulire mphuno, ina idutse kuseri kwa makutu. Ya pamphuno ikhale pa fupa lolimba, zala ziwiri kumunsi kwa fupa la tsaya, isatsikire pofewa pamene pamadutsa mpweya. Zingwe ziwiri zowongolera mumange uku ndi uku. Bulu wophunzitsidwa bwino safuna chitsulo cha m'kamwa, chija pa Chipwitikizi amati freio. Ngati mwachifunabe, chikhale chosalala, chonenepa ngati chala chaching'ono. Waya ayi. Ndinaonapo bulu wong'ambika lilime chifukwa cha waya wa mpanda, ndipo mwini wake ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani akuwonda pomwe msipu uli ponseponse.

Lamba wa pachifuwa

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndichedwapo. Lamba ameneyu ndiye amalowa m'malo mwa goli. Amadutsa kutsogolo kwa chifuwa, nsonga zake n'kubwerera m'mbali mwa nthiti, pomwe pamayambira zingwe kapena matcheni okokera ngolo.

Chopangira chabwino ndi tenti wokhuthala wopinda katatu, lamba wakale wa pachigayo, chikopa chofufuta bwino, kapena malamba a m'mipando ya galimoto awiri osokedwa mogundizana. Akhale wotambalala zala zinayi, masentimita 6 mpaka 8. Wopyapyala amacheka ngati mpeni. Mphira wa tayala ndi wosavuta kupeza, n'zoona, koma amatentha ndi dzuwa, samwa thukuta, ndipo ulusi wake wa m'mphepete umapala khungu. Ngati mulibe china, setekani m'mphepetemo ndipo mumukulunge. Chokulungira chikhale nsalu ya thonje, bulangeti lakale kapena chikopa cha nkhosa, ubweya utayang'ana ku nyama. Thumba la feteleza musayese, limapala kuposa mchenga. Chokulungiracho chikhale chochotseka kuti muzichichapa, chifukwa thukuta likaumirapo pamodzi ndi fumbi chimasanduka tupa.

Posoka, gwiritsani ulusi wa asapato. Mfundo zonse zikhale kunja. Mabawuti ndi waya zimene anthu amalumikizira malamba ndi zomwe zimayambitsa timabala tija tozungulira ngati ndalama yachitsulo.

Pomukhazika ndi apa. Papasani kutsogolo kwa bulu, mumva mafupa awiri otuluka, uku ndi uku: nsonga za mapewa. Kwezani dzanja pang'ono mufika pamene khosi lathera, pomwe pamalowera kholingo. Lamba agone pakati pa malo awiriwo, pamwamba pa nsonga za mapewa koma kumunsi kwa kholingo. Danga lake ndi laling'ono, makamaka kwa bulu wowonda. Akakwera, bulu amabanika pokwera chitunda, mumva akupuma ngati mvukuto. Akatsika, amapana miyendo ndipo amasupula mapewa pa phazi lililonse. Kuti asasunthe, pamafunika kalamba kena kodutsa pamwamba, patsinde pa khosi, kogwira lamba wamkuluyo mbali zonse ziwiri. Kalamba aka ntchito yake ndi kungonyamula mnzake kuti asagwe. Musakasenzetse kulemera kwa ngolo.

Kachishalo ndi lamba wa pamimba

Ngolo ya matayala awiri imatsamiritsa kulemera kwina pa nyama, ndipo poyenera kulandira kulemerako ndi pamsana, kuseri pang'ono kwa mapewa. Pangani kachishalo ka timatabwa tiwiri, kalikonse kukula ngati chikhatho chotambasula ndi theka, mutilumikize pamwamba ndi chitsulo chopinda kapena lamba wolimba, ngati denga la nyumba. Kunsi kwake muike timapilo ta thonje kapena ubweya. Timapilo tigone pa minofu ya uku ndi uku, fupa la msana lisakhudzidwe. Mukasuzumira kuchokera kumbuyo muzitha kuona kuwala pakati pake. Pa kachishaloka ndi pomwe pamalendewera malupu awiri olowetsamo mikono ya ngolo, mitengo iwiri ija imene bulu amaima pakati pake.

Lamba wa pamimba amagwira kachishalo kuti kasapendekeke. Adutse chikhatho chimodzi kuseri kwa miyendo yakutsogolo, asalowe m'khwapa. Mumange moti zala ziwiri zilowe. Abulu ena ndi akathyali, amafufumitsa mimba pomangidwa, ndiye mukayenda pang'ono imani muonenso.

Lamba wa kumatako

Ameneyu anthu amamuiwala, ndipo ine ndinamuphunzira ndi misozi. Ndili mnyamata, amalume anandituma kukasiya mbatatesi kumsewu, kumene galimoto inkadikira. Njira yake imatsetsereka kukafika pa kamtsinje kumunsi kwa mudzi wathu. Kukwera ndi kuyenda pathyathyathya zonse zinali bwino. Titangoyamba mtsetse, ngolo inayamba kuthamanga kuposa bulu, thabwa lakutsogolo n'kumugunda m'miyendo. Bulu anadzidzimuka, n'kuliyatsa liwiro, ngolo nayo pambuyo pake, mpaka tayala linakwera chulu. Ndinadzuka ndili m'matope, mbatatesi ili mbwee mumtsinje, bulu ataima chapatali akunjenjemera, magazi akuchucha kumiyendo. Amalume atafika sanandikalipire. Anazungulira ngolo kamodzi, n'kunena kuti, "Mphwanga, wamupatsa chokokera, nanga choimitsira wamupatsa chiyani?" Ndinati, "Sindinadziwe, amalume." Anangoti, "Safunsa anadya phula," n'kuyamba kutola mbatatesi.

Lamba wa kumatako ndi buleki ya bulu. Amazungulira ntchafu kumbuyo, chikhatho chimodzi kumunsi kwa nsonga za matako, ndipo nsonga zake zimamangidwa pa mikono ya ngolo, patsogolo pang'ono pa ntchafu. Kalamba kodutsa pamwamba pa chiuno kamamugwira kuti asagwe. Ngolo ikafuna kupitirira, mikono imakoka lambayo, bulu n'kuikhalira ndi matako. Akatsika kwambiri amasesa miyendo, bulu n'kukhala pansi. Akakwera amalowa kunsi kwa mchira. Bulu akamakoka, pakati pa lamba ndi ntchafu pazilowa chikhatho choimika. Kuno kwathu, kumene njira iliyonse imakwera kapena kutsika, ngolo yopanda lamba ameneyu ndi ngozi yongodikira tsiku. Pa mitsetse yoopsa ya ku Tsangano onjezani buleki ya mtengo yopana matayala, kapena tsikani mugwire bulu kumutu.

Kamtengo kokokera

Matcheni ochokera pachifuwa musawamange mwachindunji pa thupi la ngolo. Bulu akamayenda, phewa lina limapita kutsogolo lina likubwerera, ndiye matcheni akakhala omangika pouma, lamba wa pachifuwa amachita ngati sowo. Semani kamtengo kolimba, kotalika masentimita 50 mpaka 60, kuposa pang'ono kunenepa kwa buluyo. Pakati pake mukakolowetse ku ngolo ndi mphete yachitsulo kuti kazigwedezeka, matcheni awiri aja mumange kunsonga zake. Kanthu kakang'ono, kosadya ndalama, koma mabala a m'mapewa amathera pamenepa. Pamene tcheni likukhudza nthiti, livekeni paipi ya pulasitiki kapena chubu cha njinga.

Kuphunzitsa

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bulu sachita zinthu chifukwa choopa, ngati waopa amangoima nji, ndipo anthu n'kumati ndi wamakani. Masiku oyamba muzingomutsogolera ndi chapamutu, mukumuyankhula mawu omwe mudzagwiritse ntchito mpaka kale: "tiye", "ima", "bwerera". Banja lonse ligwirizane mawu amodzi, osati bambo Chichewa, mwana Chipwitikizi, waganyu mluzu. Akazolowera, muvekeni malamba aziyenda nawo opanda chokoka. Kenako muziyenda kumbuyo kwake mutagwira zingwe zowongolera, wina ali kumutu. Kenako akoke chipika chopepuka kapena tayala lakale, azolowere phokoso la kumbuyo. Ngolo yopanda kanthu ibwere pomaliza, ndipo tsiku loyamba anthu awiri aikankhe pambali pake, aione, ainunkhize. Theka la ola patsiku n'lokwana. Ena amagwira m'masabata awiri, ena mwezi. Ngati muli ndi bulu wozolowera kale, muyendetseni pambali, amaphunzitsana okha. Chikoti chikhale cholozera ndi kulizira m'mwamba. Kumenya kumutu ndi m'makutu kumangokupatsani bulu wothawa dzanja la munthu moyo wake wonse.

Kumanga pa ngolo

M'mawa mupukuteni ndi burashi kapena chitsononkho, makamaka modutsa malamba. Kamchenga kamodzi kunsi kwa lamba kamakwana kuboola khungu pofika masana. Nyamulani phazi lililonse, muchotse miyala ndi ndowe m'ziboda ndi kamtengo. Muvekeni chapamutu, lamba wa pachifuwa, kachishalo, lamba wa kumatako, ali kutali ndi ngolo. Muimikeni, inu mukoke ngolo kubwera kwa iye mikono ili m'mwamba, muitsitse pang'onopang'ono, muilowetse m'malupu. Mangani matcheni okokera poyamba, lamba wa kumatako pambuyo. Pomasula muyambe ndi wa kumatako, matcheni pomaliza. Chifukwa chake n'chakuti bulu akadzidzimuka muli pakati pa ntchito, ngolo itsatire bwinobwino m'malo molendewera pa lamba wolakwika. Ndipo chapamutu musachivule bulu akadali m'mikono ya ngolo.

Nsonga za mikono zilekezere pa mapewa. Zikapitirira zimamubaya khosi pokhota.

Kupakira

Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo. Mukamaliza kupakira, bulu asanalowe, nyamulani mikono. Izitheka ndi dzanja limodzi, ikulemerera kutsogolo pang'ono chabe. Ikafuna manja awiri ndi kubuula, ndiye kuti zonsezo mukukasenzetsa msana wa nyama. Ikamakukwezani m'mwamba, katundu wachuluka kumbuyo, ndipo pachitunda adzanyamula bulu miyendo m'malere. Kumbukirani kuti inunso ndinu katundu: pokhala panu pamasintha zonse.

Abulu athu ambiri amalemera makilogalamu 120 mpaka 180. Muyeso wanga pa bulu mmodzi wathanzi, njira youma yathyathyathya, ndi matumba anayi a makilogalamu 50. Pokwera kapena m'matope, awiri kapena atatu, ine n'kuyenda pansi. Chenjerani ndi matumba a mbatatesi aja amavenda amasokerera chisoti pamwamba. Dzina ndi thumba limodzi, kulemera kwake ndi kwina. Matayala akhale opopa bwino, ndipo m'tizitsulo tomwe tayala limazungulirapo, ma rolamento monga amanenera amakaniko a ku Vila, muzipaka girisi. Tayala lofwefwa limadya mphamvu za bulu kuposa thumba loonjezera.

Ngati abulu ndi awiri

Ngolo zambiri kuno ndi za ng'ombe, za mtengo umodzi wapakati, ndipo n'zolemera. Abulu awiri akhoza kuikoka, koma vuto ndi ponyamulira mtengowo. Ambiri amaupachika m'makosi ndi chingwe, lomwe ndi goli lomwe lija m'dzina lina. Chitani izi: bulu aliyense akhale ndi lamba wake wa pachifuwa, kachishalo kake ndi kamtengo kake kokokera. Timitengo tiwirito tikolekedwe kunsonga za mtanda wina wautali, wogwedezeka pakati pake, kuti wina akachita ulesi muone msanga mtanda utapendekeka. Kulemera kwa mtengo wapakati kupite pa mtanda wopingasa wogona pa zishalo ziwirizo. Ngati zimenezi sizitheka, lamba wonyamulira akhale wotambalala, wokulungidwa, ndipo agone patsinde penipeni pa khosi, katundu mutamulinganiza kuti kutsogolo kupepuke. Abuluwo akhale ofanana msinkhu. Amphongo awiri osafula amalumana njira yonse.

Pamsewu wa tara, monga uwu wochokera ku Mussacama kudutsa Ulongwe kukafika ku Calomue, yendani kumanzere, m'mphepete. Malole a m'malire sakuonani msanga. Khomerani zonyezimira kumbuyo kwa ngolo, ndipo kukada musapezeke pamsewu. Mwana wamng'ono yekha musamupatse zingwe.

Mukaweruka

Maola anayi mpaka asanu ndi limodzi patsiku ndi okwana, makamaka m'mawa. Pamsika, ngati muchedwa, mumasuleni kapena chirikizani mikono ndi mphanda kuti msana upume, ndipo mumuimike pamthunzi. Madzi mupatseni oyera, mu ndowa yotsuka. Bulu amanyansidwa ndi madzi akuda, amalolera kukhala ndi ludzu, ndipo pa tsiku lotentha la ntchito amatha ndowa ya malita 20. Msipu, mapesi, masangwi a mtedza kapena a nyemba, madeya pang'ono ndi kamchere, basi. Chimanga chowola, chija mwasankha kuti anthu sangadye, musamupatse: chuku chake chimaononga ubongo wa abulu ndi akavalo. Bulu sasanza, choncho chilichonse choipa chimene chalowa chimakavutira m'mimba momwemo. Mapepala a pulasitiki a pamsika amapha abulu mwanjira yomweyo.

Mukavula malamba, yendetsani chikhatho ponse pamene anagona. Pofunda, potupa, kapena pamene ubweya wayamba kuthothoka, mawa lake ndi chilonda. Pezani chimene chapala, muchikonze lero. Chilonda chikakhalapo kale, tsukani ndi madzi owiritsa othira mchere, supuni yaing'ono pa theka la lita, kawiri patsiku, ndipo lamba asagonenso pamenepo mpaka chitapola. Oyilo wakuda wa injini, madzi a batire ndi phulusa zimangopsereza mnofu. Bala lakuya, makamaka la msomali m'chiboda, pitani nalo kwa alangizi a ziweto ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi m'dera, chifukwa abulu ndi akavalo sachedwa kugwidwa kafumbata. Ndipo mukamapopera ng'ombe mankhwala a nkhupakupa, werengani botolo musanathire bulu. Ngati palembedwa amitraz, si a bulu ayi, amamuumitsa m'mimba mpaka kufa.

Ubweya wa bulu sutchinga mvula ngati wa kavalo, umamwa madzi mpaka pakhungu. Mvula ya Januwale ndi chisanu cha Juni cha kumapiri kuno zimafuna khola la denga. Pansi pake pakhale pokwera ndi pouma, poti ziboda zake zinalengedwera nthaka youma, zikakhalitsa m'matope ndi ndowe zimawola kunsi, n'kumatulutsa zakuda zonunkha. Pakatha miyezi iwiri iliyonse muzione ngati zatalika, muzisepe ndi mpeni wakuthwa ndi tupa zisanayambe kupindikira m'mwamba ngati nsapato yakale. Malamba muwapachike pamsomali m'nyumba, kutali ndi makoswe, omwe amakonda mchere wa thukuta.